Nkhuku ya Lameki Ndinaibweza Yamoyo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Nanga khutu lanu lakumanzere lija lidatseguka, kapena mukupendeketsabe mutu munthu akamakuyankhulani? Ndine Enelesi, mwana wanu woyamba. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu, mbali ija munkakonda kupeterako mpunga, ndipo ndati lero ndikuuzeni zakuno. Zachuluka, Amayi, ndipo zina mwa izo sindingathe kumuuza munthu wamoyo.

Ndiyamba ndi zabwino, poti inu munkati mlendo samulandira ndi uthenga wa maliro asanamwe madzi. Mlongo wanga Yosefe ali ndi mwana wamkazi tsopano. Anabadwa mvula yoyamba itangogwa, ndipo chipumi chake ndi chanu chenicheni, chotulukira kutsogolo ngati akufuna kufunsa funso. Kulira kwakenso ndi kwa munthu wosafuna kunyengereredwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma mmodzi afisi anapita naye. Denga la nyumba yanu tidafoleranso, udzu ndidamweta ndekha. Mango a boloma aja chaka chino anabereka mpaka nthambi kuthyoka, moti ana anatuluka zilonda m'milomo.

Kumunda ndiye sikunayende. Chimanga chinagwidwa ndi mbozi chisanamasule, ndipo nkhokwe yangofika m'chiuno. Nyanja nayo inakwera, inalowa kudimba kwathu osaodira. Pamene munkabzala mpiru ndi tomato paja, lero anthu akuwedzapo matemba. Mpunga wokha ndiwo watipulumutsa, ngakhale mbalame zinadya gawo lawo. Sitifa ndi njala, koma ikadzafika Januwale tidzakhala tikungoyang'anana.

Mawu aja munkadana nawo onse alipo, Amayi. Inu mudapita, iwo adatsala, ndipo aswana. Makondakitala a pa Khombedza akukuwabe kuti "malo alipo" minibasi itadzaza mpaka munthu kukhalira thako limodzi. Kogula feteleza wotsika mtengo kwabwera mawu atsopano, akuti "netiweki yavuta". Umalawirira, umakhala padzuwa mpaka mutu kuwawa, kenako wina n'kusuzumira pawindo kuti netiweki yavuta, bwerani mawa. "Bwerani mawa" uja ndiye sakalamba. Mukukumbukira mmene munkamuyankhira? Munkati, "Mawa ndi mudzi wakutali, palibe adafikako n'kubwera kudzatiuza." Ana a masiku ano nawo ukawapatsa moni amangoti "bho", ndipo ndimakumvani m'mutu mwanga mukufunsa kuti, "Bho ameneyo ndi mbale wake wa ndani?" Ndimaseka ndekha panjira, anthu n'kumandiyang'ana.

Amuna anga, bambo ake a Chisomo mdzukulu wanu uja, nawo adakali "panjira". Chipitireni ku Joni kuja, foni ikalira mawu awo ndi omwewo: ndili panjira, Khirisimasi ino ndidyera kumudzi. Chisomo adamusiya akukwawa, pano ndi namwali, bambo ake adakali panjira. Ndidasiya kukwiya nazo. Ndimangoti yendani bwino, n'kudula foni.

Koma amene munkadana naye koposa ndi "zimachitika". Chaka chija nkhokwe yathu idapsa, mayi wina wa kumpingo adabwera n'kukugwirani paphewa, nati zimachitika. Inu mudamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumufunsa kuti, "Kwanu zidachitika liti?" Ndiye pamaliro anu ndidawamva mawu amenewa mpaka makutu kulira. Zimachitika, limbani mtima, njira ndi yomweyo tonse, tili nanu limodzi. Amene ankati tili nanu limodziwo, manda atangokwiriridwa adasamba m'manja n'kubalalika, ena ndi mbale zathu zomwe. Sindikuwada ayi. Munthu akafika pamaliro pakamwa pamafuna chonena, ndipo mawu amenewa ndi amene amakhala pafupi. Koma ndinkalakalaka mutadzuka m'bokosi muja n'kuwafunsa funso lanu lija.

Amayi, pali mawu ena amene inu simunkadana nawo. Munkawanena nokha, ndi pakamwa pomwepo pamene pankaseka "bwerani mawa". Ndi chifukwa cha mawu amenewa ndakhala pansi kulemba. "Banja ndi kupirira." Amanenedwa kuchinkhoswe, amanenedwa kuchilangizo, kumpingo, kumjigo, ndipo wonenayo amagwedeza mutu ngati wafukula nzeru zakuya. Mundikhululukire poyankhula nanu chonchi muli kumanda. Koma nkhani yake ndi ya Esitere, mwana wanu womaliza, ndipo ndikuopa kuti mawu amenewa amupha.

Lameki mukumudziwa, mudamulandira nokha. Mwamuna waulemu, wogwada popereka moni, wosafika chimanjamanja, nthawi zonse kachidebe ka usipa kali m'manja. Atapempha chitengwa kuti akakhale ndi Esitere ku Chipoka, komwe amagula usipa kwa asodzi n'kumayanika pa thandala, mudavomera mukumwetulira. Mukukumbukiranso mmene Esitere ankabwerera kuno. Ulendo woyamba mlomo wotupa. Ulendo wina diso lotsekeka. Ndipo nthawi zonse zinkayenda mofanana. Pakapita masiku tinkaona a Kamwendo, ankhoswe a Lameki, akutsika njinga nkhuku ili kukhwapa, miyendo yomanga ndi luzi. Amalume a Bizaliyele, mlongo wanu, amene ndi ankhoswe athu, ankaitanitsa mipando pansi pa mango. Lameki ankagwada, maso pansi, n'kunena kuti, "Ndi Satana, sindidzachitanso." Nkhuku inkaphedwa, inu n'kuiphika, ankhoswe n'kudya, ndipo nkhuku ikadyedwa nkhani yatha, palibe woibwerezanso. Tsiku lomwelo Esitere ankakwera pa kaliyala wa njinga kupita kumsewu, inu mukumukonza mpango kumutu n'kumati, "Pita mwananga, banja ndi kupirira."

Ndipo mudawanenanso komaliza. Ndinalipo, ndinali nditagwira kapu ya phala imene mudaikana. Mpweya unali utayamba kale kuvuta, koma mudamugwira Esitere pamkono mwamphamvu ndithu, n'kumuuza kuti, "Usadzandichititse manyazi ndili m'manda. Banja ndi kupirira." Kwa ine mudangoti ndisamale mbuzi ndi denga. Mbuzi ndi denga ndasamala. Koma zimene mudamusiyira Esitere zikumulemera kuposa mtondo.

Chichokereni inu, Esitere sadabwerenso kuno. Ndikamuimbira foni ankangoti, "Tili bwino, achemwali." Amenewonso ndi mawu oipa, Amayi, "tili bwino". Munthu amawanena ngakhale atakhalira moto. Ndinamva kwa amayi ogulitsa nsomba pa Khombedza kuti ali ndi pakati. Ndinakondwa, ndinamupatulira ndi mpunga womwe woti adzadye akadzachira.

Anafika titangomaliza kukolola, dzuwa lili paliwombo. Kabaza anamutsitsa pamphambano, ndipo ndinamuona akubwera pang'onopang'ono, Takondwa, kamwana kake kaja, kali kumbuyo, mtolo wa zovala womanga m'chitenje uli pamutu. Mimba panalibe. Ndinamuthamangira n'kumufunsa, koma sanandiyankhe. Ndinafunsanso. Ndiye anatembenuza mutu n'kuupendeketsa, kundipatsa khutu lakumanja. Ndinaona inu. Kupendeketsa kwake kunali kwanu kwenikweni, mpaka katsinya ka pachipumi komwe.

Poyamba anati anagwa pa thandala. Ndinamusiya, ndinamutenthetsera madzi, anasamba, anadya. Mawa lake ndi pamene anandiuza. Anati tsiku lina anapita kusikelo ya amayi oyembekezera, ndipo mzere unali wautali. Akali komweko kunagwa mvula yomaliza ija, yobwera anthu ataiwala kale za mvula, ndipo usipa wonse umene unali pa thandala unanyowa n'kuyamba kununkha. Lameki pobwera sanafunse kanthu. Anamuwomba mbama pakhutu mpaka anagwa, ndipo ali pansi anamuponda. Oyandikana nawo nyumba anamva zonse, koma anati za m'banja salowerera. Amenewo ndi mawu enanso. Mimba inachokera kuchipatala, anali mwana wamwamuna. Za khutu adokotala ananena kuti mkati mwang'ambika, mwina lidzamva pang'ono, mwina ayi.

Ndinamugoneka m'nyumba mwanu. Mukumukumbukira Esitere wanu, Amayi? Mwana amene ankayambitsa nyimbo kukwaya mawu ake n'kumamveka mpaka kumsewu, amene munkamutsitsa mumtengo wa mango ndi chikoti tsiku ndi tsiku, wosatha kusunga chinsinsi ngakhale cha shuga wobedwa. Pano amayankhula ngati pali wodwala m'nyumba. Mbale ikagwa amadzidzimuka n'kuphimba mutu ndi manja. Takondwa akalira amathamanga kukamutseka pakamwa, kenako n'kukumbukira kuti ali kwawo.

Sabata isanathe a Kamwendo anatulukira. Nkhuku ya ulendo uno sinali ya kukhwapa, Amayi. Anali tambala wofiira wamkulu, womangirira pa kaliyala. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti nkhuku imakula motsata bala. Amalume anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mayi aang'ono a Dorika, mng'ono wanu, anakhala pamphasa pambali pa Esitere. Lameki anagwada malo ake omwe aja, ndipo ndinaona kuti wanenepa.

"Ndi Satana," anatero. "Sindidzachitanso."

A Kamwendo anati zimachitika, mitengo yokhala pamodzi siileka kukhulana. Amalume anatsokomola, nati wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Anati mwana wapitayo ndi chifuniro cha Mulungu, Mulungu yemweyo adzapereka wina. Za khutu palibe anatchula. Esitere anali atawapatsa mbali yakumanzere, ndiye sindikudziwa ngati anamva n'komwe. Pomaliza amalume anawomba m'manja n'kunena mawu anu aja, kenako anandiyang'ana ine. "Enelesi, tenga nkhukuyo. Alendowa ali ndi ulendo wautali."

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mpeni wanu tsopano uli m'manja mwanga. Kale lonse ndinkangoonerera ndili poteropo, wophika munali inu. Ndinamunyamula tambala uja kupita naye kuseri, kukhitchini. Madzi anali atawira kale, mkazi wa Yosefe anali atawatereka. Ndinaponda mapiko, ndinaponda miyendo, ndinagwira mutu monga mudandiphunzitsira. Mtima wake unkagunda pansi pa phazi langa. Ndinaganiza za kamwana kaja kamene anakaika amayi achilendo ku Chipoka, ife eni ake osadziwa. Ndinaganiza kuti tikangotafuna nyama iyi, kamwanako katha, khutu latha, palibe adzaloledwe kuzitchulanso. Ndinauika pansi mpeni.

Ndinabwerera pansi pa mango tambala ali moyo. Ndinagwada bwinobwino monga mwana woleredwa, n'kumuika pamiyendo pa a Kamwendo.

"Nkhuku iyi pakhomo pano siphedwa," ndinatero.

Amalume anadzuka. "Iwe Enelesi, nkhoswe ndi iwe kapena ine?"

"Nkhoswe ndinu, amalume. Ine ndine wophika chabe. Ndiye sindiphika."

Anatembenukira kwa mayi aang'ono kuti aphike iwo. Mayi aang'ono anayang'ana manja awo, nati, "Achimwene, nyamakazi yandigwira kuyambira dzulo, mpeni sindingaugwire." Dzulo lakelo anali akusinja nane mpunga. Mkazi wa Yosefe ndi mtengwa, nkhuku ya mlandu wa pamtundu pathu sangaiphe. Ndipo mukudziwa nokha kuti amuna sangaiphe okha n'kudziphikira, chifukwa chipepeso chimalandiridwa ndi moto wa pakhomo pa mkazi. Tambala anaphupha pamiyendo pa a Kamwendo mpaka kuwaipitsira thalauza. Lameki anadzuka osatsanzika. Podutsa pafupi nane anandiyang'ana, ndipo ndinaona maso amene Esitere amawaona ku Chipoka. Ulemu wonse uja panalibe.

Amalume asanachoke anandilasa kawiri. Poyamba anati banja langa lidandikanika, ndiye ndikufuna kupasula la mng'ono wanga kuti tikhale mbeta ziwiri. Amenewo sanandipweteke, ndidawazolowera. Kenako anati, "Mayi ako akanakhala moyo sakanachita zamanyazi zimenezi." Amenewo ndiwo anandilowa, chifukwa ndi oona. Mukanaipha nkhuku ija, Amayi. Mukanaithira tomato ndi anyezi. Kuchokera tsiku limenelo amalume sanapondenso pano, ndipo kumjigo ndikafika nkhani zimaduka. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera nafe, ndipo pemphero lawo linakathera pa mawu omwe aja.

Ndinapita kwa Yosefe kuti aime nane, poti ndiye mwamuna wa pakhomo pano. Ndinamupeza akukonza tcheni cha njinga. Anamvetsera osakweza mutu, kenako anati, "Nkhani zimenezi n'zovuta, achemwali. Tiona." Inu munkati tiona alibe maso. Mpaka lero Yosefe akuonabe, ndipo akandiona ndikubwera amakumbukira kuti ali ndi ntchito kudambo.

Tsopano ndifike pamene pakundivuta kulemba. Patapita masiku tinali kupeta mpunga ndi mayi aang'ono pakhonde lomwe lino. Esitere anadutsa ndi ndowa, ndinamuitana, sanamve. Mayi aang'ono anasiya lichero n'kumuyang'ana mpaka anakhota kuseri. Kenako anati, osandiyang'ana ine, "Dzanja lamanja la mwamuna limafikira khutu lamanzere." Ndinati inde, ndaona. Iwo anati, "Sukundimva. Ndikunena za mayi ako."

Amayi, inu mudatiuza kuti ndi kwinini. Mudati mudadwala malungo aakulu ine ndili wakhanda, ndipo mankhwala ake adakutsekani khutu. Tidakula tikudziwa zimenezo. Tinkaseka nazo, tinkakunong'onezani zachipongwe kumanzere n'kuthawa, inu n'kumatiopseza ndi mthiko mukuseka. Mayi aang'ono akuti mudathawira m'nyumba mwa agogo magazi akutuluka m'khutu, ine ndili kumbuyo. Akuti nkhuku idabwera, ndipo woisosola nthenga anali iwo, akali mtsikana. Akuti agogo adakuperekezani mpaka pakhomo panu n'kukuuzani mawu omwe aja. Akutinso sikanali komaliza.

Abambo! Abambo amene ankandikweza pa njinga kupita nane ku Salima kukaona sitima, amene ankandigulira zitumbuwa n'kumati ndisawauze anzanga. Ndidalira pamaliro awo mpaka mawu kutha, inu mutangokhala phee pambali pa bokosi, ndipo ndinkati ndinu olimba mtima. Sindikudziwa choti ndichite nawo tsopano. Ngati muli nawo limodzi kumeneko, moni uno ndi wanu nokha. Wawo ndiganizire kaye.

Ndakukwiyirani, Amayi, ndinene mosabisa. Inu amene simunkalola munthu kukupusitsani ndi "bwerani mawa", inu amene mudamukhalitsa chete mayi uja ndi funso limodzi, mudasenza bodza la kwinini moyo wanu wonse, n'kutenga mawu amene adakugonthetsani kumupatsa mwana wanu ngati cholowa. Koma ndikakwiya kwambiri ndimakuonaninso muli mtsikana, magazi ali pakhosi, mukuyang'ana amayi anu kuti akuuzeni kuti khala, iwo n'kukuuzani kuti pita. Apo mkwiyo umatha, ndimangotsala ndi chisoni. Munalibe wokubwezerani nkhuku.

Ndinaganiza kuti nkhani imeneyi imumasula Esitere. Ndinathamanga nayo ngati ndatola mankhwala. Ndinamupeza akuchapa zovala za Takondwa, ndinakhala kumanja kwake, ndinamuuza zonse osasiya kanthu. Ndinati taona, amayi sankanena nzeru, ankanena bala lawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndiye kuti amayi adapirira mpaka kulowa nalo m'manda khutu lawo, osadandaula ndi tsiku limodzi lomwe. Nanga ine ndine ndani, achemwali?"

Ndinkati ndikumasula chingwe, koma ndinachikoka.

Mtolo wake uja sanaumasule mpaka lero. Uli kuseri kwa chitseko chanu, mfundo yake ndi yomwe anamanga ku Chipoka. Akafuna chovala amasolola chimodzi, akachapa amachibwezeramo. Lameki amaimba foni, ndipo ndimamuona Esitere akupita nayo kuseri kwa nkhokwe ataiika kukhutu lamoyolo. Ndamuuza za kupolisi, kuti kuli anthu omva nkhani zoterezi. Ndamuuza kuti munda ulipo, nyumba ilipo, mpunga tigawana. Amayankha kuti wamva. Koma akuti tulo sabwera podziwa kuti akukuchititsani manyazi. Akuti adzapita chifuwa cha Takondwa chikapola, poti kamwanako kanabwera kakutsokomola. Amayi, chifuwacho chikupola. Dzulo sikanatsokomole n'komwe. Ine, mayi ake aakulu, ndinamva kamwana kakuseka pabwalo, kakuthamangitsa mwana wa mbuzi, ndipo m'malo mothokoza Mulungu ndinagwidwa ndi mantha. Mawu anu andifikitsa pamenepo.

Nkhuku ndikhoza kubweza, ngakhale atabwera nazo khola lonse. Amalume ndikhoza kulimbana nawo. Koma ndi inu sindingathe, chifukwa mawu a munthu wakufa alibe wowatsutsa. Esitere sakumvera Lameki, sakumvera ankhoswe. Akumvera dzanja lanu lija pamkono pake. Ndipo akabwerera ku Chipoka, mtima wanga ukundiuza kuti ulendo wotsatira a Kamwendo sadzabwera ndi nkhuku, adzabwera ndi uthenga.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Njira yobwerera kuno mukuidziwa. Mudawabwerera mayi aang'ono kutulo kudzadandaula za denga lodontha, ndipo tidafolera. Ngati mudatha kuyenda ulendo wonsewo chifukwa cha udzu, bwerani chifukwa cha mwana wanu. Sindikuti mudzapepese, kapena mudzafotokoze za abambo. Mudzangomuuza kuti, "Khala, mwananga. Masula mtolowo." Kwa ine sakumva, koma kwa inu adzamva.

Ine mbali yanga ndikulonjeza izi. Chisomo wakula, anthu ayamba kale kufunsa ngati ali ndi mwini. Tsiku lake likadzafika ndidzamulangiza zonse mudandilangiza inu: kulemekeza apongozi, kusunga mbewu, kusatukwana pamaso pa ana. Koma mawu aja athera pa ine, pakamwa panga sadzatuluka. Ndidzamuuza kuti khomo la kwawo silitsekedwa, ndi kuti mpeni wa pakhomo pano supha nkhuku yopepesera magazi. Mbuzi ndipitiriza kusamala, denganso chimodzimodzi. Ndimakukondani, Amayi, ndi mkwiyo wanga womwewu, ndipo palibe tsiku limene ndimagwira lichero osakukumbukirani.

Musachedwe, ndipo musandiuze kuti muli panjira. Akugona m'chipinda chanu, mutu wake uli chakuwindo. Mukadzafika mudzaime kumanja kwake. Kumanzere sadzakumvani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi